Nandolo Wauma, Tisamale Ndalama Zolowa M'foni

 Amayi muli padzuwawo sunthirani kuno kumthunzi, malo alipo.

Mwazolowera kuti ndikaima pano ndimayamba ndi mizere, manyowa kapena mbozi za m'chimanga. Lero zimenezo ndayamba ndaziika pambali. Nandolo wauma m'minda, ena mwayamba kale kupuntha, ndipo pobwera kuno ndaona mavenda atapachika kale masikelo awo pamtengo wa mango uja wa pamphambano. Masabata akubwerawa m'mudzi muno mulowa ndalama, ndipo zambiri zidzera pafoni. N'chifukwa chake ndinapempha amfumu kuti lero tikambirane za foniyo. Amene muli nayo m'thumba, kapena mwaimanga pansonga ya chitenje, takwezani dzanja. Mwaonatu. Pafupifupi khomo lililonse.

Ndiyambe ndi funso. Kodi mtengo wa nandolo amauika ndani? Abambo apo akuti ndi venda. Zoona, venda ndi amene timamuona ndi maso. Koma naye amakagulitsa kwa ogula akuluakulu ku Limbe, iwo amalongeza nandoloyo kupita naye kudoko la Nacala kapena Beira ku Mozambique, kenako sitima ya pamadzi ulendo wa ku India. Anthu a ku India amadya nandolo wosenda ngati ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Kukakhala chilala kwawoko, amafuna wathu wambiri, ndipo mtengo kuno umakwera. Ndi zimene zinachitika cha m'ma 2015 ndi 2016, pamene ena mwa inu munakhoma malata ndi ndalama za nandolo. Kenako kwawoko anakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma la India linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka. Zotsatira zake simunaziiwale. Nandolo anadzaza m'nyumba, wogula osaoneka, amene wabwera n'kumatchula mtengo womvetsa chisoni. Mlimi wa kuno sanalakwe chilichonse, analima bwino, anapalira bwino, koma cholembera cha munthu wa ku New Delhi chinafika mpaka pakhomo pake. Mu 2021 dziko lathu linasainirana pangano ndi India loti tizitumizako matani 50,000 pachaka, ndipo zinthu zinayambanso kupepukako.

Fetelezanso ndi chimodzimodzi. Timagula kunja, ndipo timagula ndi madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, feteleza anakwera mtengo padziko lonse, pakuti Russia ndi limodzi mwa maiko ogulitsa feteleza wambiri. Mu Meyi chaka chomwecho Banki Yaikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika cha m'ma K1,700. Amene anasunga ndalama zake za zokolola m'chitini kuti adzagule feteleza mvula ikayandikira, anapeza kuti ndalama za matumba awiri zikungokwanira limodzi ndi pang'ono. Ndalamazo palibe anaziba, zinali zonse m'chitinimo, koma mphamvu yake inali itapita. Choncho malangizo anga ndi akuti mukagulitsa, gawo la zipangizo za ulimi lisagone nthawi yaitali. Gulani mbewu ndi feteleza msanga, musunge pouma.

Zakutalizi ife sitingazisinthe. Chimene tingathe n'kuzidziwa msanga, ndipo apa m'pamene foni yatithandiza. Kale venda akanena kuti ku Limbe mtengo wagwa, tinkangovomera, chifukwa wopita kukaona analibe ya basi. Lero mayunitsi ochepa chabe mwamuimbira mwana wa achemwali anu amene ali m'tauni, kapena mlimi mnzanu wa msika wina, mwamva mtengo weniweni. Imbani malo awiri kapena atatu musanamasule thumba. Safunsa anadya phula. Chaka chilichonse Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo imanenedwa pawailesi. Ineyo ndili nayo papepala, ndiisiya kwa a komiti. Yang'ananinso ngati sikeloyo ili ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards, ndipo thumba lanu muyambe mwaliyeza pasikelo ya kalabu. M'foni iliyonse, ngakhale yamabatani, muli kowerengera masamu. Makilo 47 kuchulukitsa ndi mtengo, yankho lituluke inu mukuona, osati venda awerengere m'mutu mwake inu n'kungolandira. Ndipo makalabu amene mungathe kusonkhanitsa matumba ambiri pamodzi, kuli bungwe la ACE limene limasunga mbewu m'nyumba zake n'kukupatsani lisiti, kuti mudzagulitse mtengo ukakhala bwino. Zimenezo tidzakambirana patokha ndi atsogoleri a makalabu.

Tsopano ndifike pamene pandipweteka mtima.

Chaka chatha, m'dera lina lomwe ndimayenderako, mayi wina wamasiye anagulitsa nandolo wake, ndalama n'kuziika mu foni. Anachita bwino, chifukwa m'foni chiswe sichidya, moto sutentha, wakuba wothyola chitseko usiku sazipeza. Patapita masiku awiri, ali pamtondo, foni inalira. Woimbayo anali waulemu kwambiri, anawatchula dzina lawo lenileni, n'kunena kuti akuimba kuchokera kukampani ya foni, akukonza manambala, ndipo nambala yawo itsekedwa madzulo omwewo ngati satsatira zimene awauze. Mayi aja anaika munsi pansi. Munthu uja anati dinani apa, dinani apo, tsopano lembani nambala yanu yachinsinsi. Anadina. Pofika kwa ejenti m'mawa mwake kuti atape ya fizi ya mwana wa Fomu 2, munali mutatsala ndalama yosakwana kugula ndi mchere womwe. Ndinawapeza atakhala pakhonde, foni ili pamphasa, akungoiyang'ana. Mawu amene ananena ndi akuti, "Alangizi, munthuyo amandidziwa dzina." Chaka chonse cha khasu chinapita pa mphindi zosakwana khumi.

Dzina lanu kulidziwa n'kosavuta, amayi ndi abambo. Aliyense akayamba kutumiza ndalama kunambala yanu, dzina limaoneka pafoni yake asanamalize n'komwe. Manambala athu timawalemba m'makaundula a misonkhano, m'mabuku a ejenti, m'magulu a WhatsApp. Choncho munthu akakutchulani dzina pafoni, sindiye kuti ndi wa kukampani ayi.

Nambala yachinsinsi ija, imene timati pini, ndiye chitseko cha nkhokwe yanu. Ndikufuna mumve bwino apa: wa ku Airtel Money, wa ku Mpamba, wa kubanki, wa ku boma, ejenti, ngakhale ine mlangizi wanu, palibe amene ali ndi chifukwa chokufunsani pini. Amene wakufunsani pini ndi wakuba, dulani foni. Musachite naye manyazi, musamuyankhe mwaulemu kuti muone mathero ake, chifukwa anthu amenewa pakamwa ndiye pantchito pawo, ndipo mukamacheza nawo nthawi yaitali amakugonjetsani. Pini isakhale chaka chanu chobadwa, chifukwa chili pachiphaso. Isakhale 1234. Musailembe kuseri kwa foni kapena pakapepala kokhala m'chikwama chimodzi ndi foniyo. Mukafika kwa ejenti, dinani nokha, dzanja linalo mutaphimba. Ndimaona agogo ambiri akupereka foni kwa ejenti n'kutchula pini mokweza pamzere pali anthu khumi. Ndikudziwa kuti maso anafooka ndipo zilembo n'zazing'ono. Ngati ndi choncho, sankhani munthu mmodzi yekha wa m'banja amene mumamukhulupirira, azikuperekezani, ndipo uthenga wa ndalama zotsala azikuwerengerani pomwepo musanachoke. Inu adzukulu amene mwapatsidwa udindo umenewu, ndalama za Mtukula Pakhomo za agogo si zogulira bandulo kapena kubetchera mpira. Amfumu ali pano akumva.

Akathyaliwa njira zawo n'zambiri, koma zimafanana. Ina ndi iyi: mumalandira uthenga woti mwalandira K50,000, kenako wina akuimba akulira, akuti ndalakwitsa nambala, inali ya mwana wodwala kuchipatala, chonde ndibwezereni. Ife anthu a kuno tili ndi chisoni, ndipo chisoni chathucho n'chimene amadyerapo. Musanabweze kalikonse yang'anani kumene uthengawo wachokera. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, wabodza umachokera panambala wamba ngati yanga kapena yanu. Kenako funsani ndalama zotsala, a Airtel pa *211#, a TNM pa *444#. Mukapeza kuti sizinaonjezekere, dziwani kuti palibe chinalowa. Ngakhale zitalowadi, muuzeni aimbire kukampani, iwo ndi amene amabweza ndalama zosokera. Ina ndi ya mphoto: mwawina njinga yamoto, tumizani ya mayendedwe. Mpikisano umene simunalowe mungawine bwanji? Inanso ndi ya mwana wanu ali ku Joni, akuti wagwidwa pachipata, tumizani msanga. Dulani, muimbireni mwanayo panambala imene mumaidziwa.

Palinso ena amabwera ndi nkhani yoti ikani K20,000 lero, sabata yamawa mulandira K60,000, bola mubweretse anzanu atatu. Inu a banki m'khonde mukudziwa mmene ndalama imaswera: pang'onopang'ono, wina akabwereka n'kukachita geni, n'kubweza ndi chiwongoladzanja, ndipo buku lili poyera, bokosi lili ndi maloko atatu. Uyu wa pafoniyu geni yake ndi yotani? Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo tsiku lina nambala imangozima. Msika weniweni wa masheya ulipo ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, ndipo makampani a foni omwewa ali pamenepo, TNM kuyambira 2008, Airtel kuyambira 2020. Koma kumeneko amagula kudzera kwa anthu ovomerezeka ndi Banki Yaikulu, ndipo iwo amakuuziratu kuti mtengo umakwera ndi kutsika. Wolonjeza phindu lotsimikizika katatu pasabata si wa kumeneko.

Ndinenenso za chiphaso cha unzika, chija tinajambulitsa mu 2017. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso. Ndiye kuti nambala imene yalembedwa m'dzina lanu, chilichonse chimene ichite, apolisi adzayambira pakhomo panu. Mnyamata akakupemphani kuti, amalume ndibwerekeni chiphaso ndikalembetsere layini, mkaneni, akalembetse ndi chake. Mawa layini imeneyo ikabera munthu ku Mzuzu, dzina lotuluka ndi lanu. Chimodzimodzi amene amayenda m'midzi nyengo ya zipangizo zotsika mtengo, kumasonkhanitsa ziphaso, ati tikakuguliranitu feteleza, kapena kukupatsani kandalama kuti chiphaso chigone kwa iwo. Ndalama imeneyo imatha tsiku lomwelo, feteleza wa dzina lanu n'kukathira munda wa wina. Musalolenso munthu wosadziwika kujambula chiphaso chanu ndi foni. Akabwera anthu olemba maina, ati ndife a bungwe, afunseni kalata, afunseni ngati adzera kwa amfumu ndi ku ofesi ya zaulimi, afunseni kuti maina athuwa mukapita nawo kuti. Kufunsa koteroko si mwano. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene likuyang'anira. Lamulolo likuti wotenga mbiri yanu akuuzeni chimene akufuna kuchita nayo.

Kanthu kena kakang'ono, koma ndimakaona tsiku lililonse pamsika. Timasiya foni potchajitsa tsiku lathunthu, simukhadi ili momwemo, mauthenga onse a ndalama ali poyera. Chotsani simukhadi, kapena tsekani foniyo ndi nambala. Popita nayo kokonzetsa chitaninso chimodzimodzi. Inu achinyamata a mafoni otsetsereka, chithunzi chimene mwatumiza pa WhatsApp kapena Facebook sichibwereranso, ngakhale mutachifufuta kwanu. Atsikana, mnyamata amene akukupemphani chithunzi chamseri lero, mukadzayambana chidzazungulira mudzi wonse. Ndipo inu ofalitsa zithunzi za anzanu, dziwani kuti pali lamulo la 2016 la milandu ya pa intaneti, anthu amamangidwa nalo.

Foni ikatayika, kapena layini yanu ikangozima mosadziwika bwino pamene anzanu netiweki ali nayo, musadikire kuti tione mawa. Bwerekani foni, imbirani kukampani atseke, kenako pitani kushopu yawo ndi chiphaso chanu. Ngati mwaberedwa, kanenenso kupolisi, ndipo uthenga ndi nambala ya wakubayo musafufute. Ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, kuopa kusekedwa. Mayi ndakuuzani aja anakhala sabata yathunthu osauza munthu, ndipo m'sabata imeneyo nambala yomweyo inaimbiranso anthu ena awiri a m'mudzi womwewo. Akuberedwa ndi aphunzitsi omwe, ndi azibusa omwe. Mukanena msanga mwapulumutsa mnansi wanu.

A Gulupu, pempho langa ndi ili. Lachinayi likubwerali, tikatha kuona munda wachitsanzo, ndidzakhala pansi pa mtengo uno kuyambira 2 koloko masana. Aliyense amene pini yake ndi chaka chobadwa, kapena anaitchulapo kwa munthu wina, abwere ndi foni yake yotchaja. Ndidzakuonetsani podina, ine n'kutembenuka kuyang'ana kumbali, inu n'kusintha nokha. Agogo abwere ndi mdzukulu amene amusankha. Amene sanafike lero mukawauze, ndipo chonde tichite zimenezi nandolo asanakwere pasikelo.