Tisanaponye voti: gemu yabwino timaidziwa bwanji?

Awa ndi mawu omwe ndinalankhula pamkumano wa kalabu Loweruka lapitali. A Chair anandipempha kuti ndiwalembe kuti omwe simunabwere muwerenge tisanavote.

Zikomo a Chair pondipatsa mpata. Anzanga nonse, nkhani yomwe yatisonkhanitsa mukuidziwa. Ndalama zomwe tinapeza potsuka magalimoto kuphatikiza zopereka za pamwezi zikukwana kuchita chinthu chimodzi basi. Ena akuti tigule PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito kuti mpira tizimenyera pompano m'malo mokalipira kushopu. Ena akuti tikonzetse laputopu ija yagona m'kabati, tigule mapadi awiri, tiikemo magemu ang'onoang'ono. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndisakubiseni. Koma ndiyambe ndi nkhani yanga yochititsa manyazi.

Chaka chatha nditamaliza mayeso a Fomu 4, nthawi inangochuluka. Ndinaika pafoni gemu ina ya mpira, yaulere. Sabata yoyamba zinali bho. Kenako ndinayamba kuluza kwa anthu omwe matimu awo anali odzaza ndi akatswiri, ndipo gemuyo tsiku lililonse inkandionetsa mapaketi a osewera oti ndigule. Kunali mnyamata wina wogulitsa makoini, ndiye ndinkamutumizira ndalama pafoni, pang'onopang'ono. Paketi yoyamba munatuluka goloboyi wosadziwika. Ndinati yachiwiri ikhala bwino. Pomwe ndinkadzidzimuka, ndalama yomwe mayi anandipatsa yolipirira fomu yofunsira malo kukoleji inali itatha. Mayi sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Tomato wa masabata awiri ameneyo.” Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuposa mbama.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinamvetsa kuti gemu ija anaipanga kuti izindikama. Paketi yomwe umalipira usanadziwe zomwe zili m'kati sikusiyana ndi kubetcha. Ku Belgium akuluakulu oona za juga anagamula mu 2018 kuti mapaketi oterewa ndi juga, ndipo makampani ena anasiya kuwagulitsa m'dzikolo. Kuyambira pamenepo funso langa pa gemu iliyonse ndi lakuti: kodi ikulemekeza nthawi ndi ndalama zanga?

Musandimve molakwa, sindikunyoza magemu a makampani akuluakulu. Ena ndi apamwamba zedi. Elden Ring ya mu 2022 imakuponya m'dziko lalikulu popanda wokugwira dzanja, ndipo ukagonjetsa chilombo chomwe chakupha ka 20, chisangalalo chake sichigulika. Baldur's Gate 3, yomwe inapangidwa ndi Larian ya ku Belgium mu 2023, imakulola kuthetsa vuto limodzi m'njira zambiri: kumenyana, kunama, kuzemba kapena kukambirana. Astro Bot ya Sony inapambana mphoto ya gemu yapamwamba ya chaka cha 2024 popanda magazi, kungoti gawo lililonse lili ndi kaseweredwe katsopano. Apa zikuoneka kuti ndalama zambiri zikagwera m'manja mwa anthu odziwa chomwe akufuna, zimabala zabwino.

Vuto ndi mtengo. Gemu yaikulu yatsopano masiku ano ndi madola 70, ndipo Mario Kart World ya Nintendo inatuluka mu 2025 pa madola 80. Zina zimaposa 100GB, ndiye werengerani nokha mabandulo ake. Komanso PS4 inatuluka mu 2013. Baldur's Gate 3 ndi Astro Bot sizisewereka pa PS4, GTA VI yomwe tonse tikudikira siidzafikapo. Chomwe tizisewera kwenikweni ndi mpira, ndipo mpirawo, womwe unasintha dzina kuchoka ku FIFA kukhala EA Sports FC mu 2023, umatuluka watsopano chaka chilichonse. Chaka chamawa tidzakhalanso pano kukangana zogula wina.

Ndalama zambirinso sizitsimikiza kuti gemu ikoma. Mu Ogasiti 2024 Sony inatulutsa Concord, gemu yowomberana yomwe inatenga zaka kuipanga. Zithunzi zake zinali zokongola, koma anthu sanaone chachilendo poyerekeza ndi zina zaulere zomwe anali nazo kale. Patangotha masabata awiri anaitseka, n'kubwezera ogula ndalama zawo, ndipo situdiyo yomwe inaipanga inatsekedwanso chaka chomwecho.

Tsopano tiyeni kumbali inayi, ya magemu omwe amati ma indie, kutanthauza opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu kochepa kodziimira pakokha. Chaka chomwecho cha 2024 kunatuluka Balatro, yopangidwa ndi munthu mmodzi wa ku Canada yemwe amangodziwika ndi dzina loti LocalThunk. Ndi gemu ya makhadi. Umaponya makhadi monga pa poker, koma m'kati mwake umatola majoka omwe amasintha malamulo: wina amachulukitsa mapointi ukaponya makhadi amtundu umodzi, wina amakula mphamvu ukamasewera. Luso lagona posankha majoka ogwirizana. Mulibe kubetcha ndalama zenizeni, ukagula wagula. Pofika Januwale 2025 inali itagulitsidwa makope oposa 5 miliyoni, ndipo inapikisana nawo pa mphoto ija yomwe Astro Bot inatenga.

Stardew Valley anaipanga Eric Barone yekha kwa zaka zoposa zinayi: zojambula, nyimbo, nkhani, zonse yekha. Inatuluka mu 2016 ndipo wakhala akuwonjezeramo zatsopano osalipiritsa. Nkhani yake ndi ya munthu yemwe wasiya ntchito ya muofesi n'kupita kukalima munda womwe agogo ake anamusiyira. Inde, sekani. Ndikudziwa ena mukuti, “Aise, ndithawe khasu kunyumba kuti ndidzalime pa laputopu?” Koma yesani muone. Umawerengera kuti mbewu iyi icha masiku angati, nyengo isintha liti, phindu ndi zingati, ndipo anthu anayi atha kulima munda umodzi pa sikirini imodzi. Hollow Knight: Silksong, yopangidwa ndi kagulu ka Team Cherry ka ku Adelaide, Australia, inatuluka pa 4 Seputembala 2025 pa madola 20 okha, ndipo ogula anachuluka mpaka sitolo ya Steam inajama. Palinso Vampire Survivors ya Luca Galante, yomwe pafoni ndi yaulere, koma inapambana mphoto ya BAFTA ya gemu yabwino koposa mu 2023, kuposa magemu a mamiliyoni.

Chinsinsi chawo n'chiyani? Ife Amalawi tikuyenera kuchidziwa kuposa wina aliyense. Taonani madoda omwe amasewera bawo pansi pa mtengo kumsika. Thabwa limodzi, maenje 32, timiyala kapena nthanga, basi. Palibe zithunzi zokongola, koma munthu amasewera zaka 40 osatopa, chifukwa malamulo ake ndi ochepa pomwe nzeru zofunika ndi zakuya. Munthu yemwe alibe ndalama zojambulira thukuta pankhope ya wosewera amakakamizika kuika mtima wonse pa kaseweredwe. Ichi ndiye chomwe ma indie abwino amachita.

Ndinene chilungamo, si onse abwino. Pa Steam panatuluka magemu oposa 18,000 mu 2024 mokha, ndipo ambiri ndi zinyalala. Kugulanso kumafuna khadi ya kubanki yolipira m'madola, zomwe ambirife tilibe, choncho tidzafunika kupempha a Patron atithandize. Ndikudziwanso kuti tinazolowera kukopera pa flashi. Koma ngati gemu wapanga munthu mmodzi n'kuigulitsa madola 15, monga Balatro ndi Stardew Valley, kalabu yathunthu singalephere kumulipira. Magemu awiriwa safika 1GB, amayenda pa laputopu yakale, safuna intaneti posewera, ndipo magetsi akazima batire imakupitirizitsa. PS4 magetsi akapita, nanunso mwapita.

Pali chifukwa china chomwe chimandikhudza kwambiri. Laputopu simangosewerera, mutha kupangirapo. Pulogalamu ya Godot yopangira magemu ndi yaulere. Ku Cameroon a Kiro'o Games anatulutsa Aurion mu 2016. Ku South Africa a Nyamakop anatulutsa Semblance mu 2018 ndipo inafika pa Nintendo Switch. Mu 2024 Abubakar Salim, wa ku Britain koma makolo ake ochokera ku Kenya, anatulutsa Tales of Kenzera: Zau, yomwe anailemba pokumbukira bambo ake omwe anamwalira, ndipo mutha kuisewera m'Chiswahili. Nanga nthano za Kalulu ndi Fisi zomwe agogo ankatiuza madzulo akuzidikira ndani? Pano tili ndi ojambula, tili ndi opanga mabiti, tili ndi madolo a masamu. Sindikulonjeza kuti tilemera. Ndikungoti pa PS4 tidzakhala ogula mpaka kalekale, pomwe pa laputopu mmodzi mwa ife atha kuyamba kuphunzira ntchito. Ndi laputopu yomweyonso tizilembera makalata ofunsira sukulu ndi ntchito.

Kwa anzanga a mpira, sindikukulandani chisangalalo. Inenso ndimakonda phokoso la chigoli cha mphindi yomaliza, ndipo shopu ikadalipo. Ngati PS4 ipambane, ndidzagwira padi ngati wina aliyense, ndipo ena a inu mudzalira. Pempho langa ndi limodzi lokha: mbali iliyonse yomwe ipambane, tilembe m'malamulo a kalabu kuti ndalama ya gulu isagule makoini kapena mapaketi. Phunziro limenelo ine ndinalipira kale ndi tomato wa mayi anga, inu musalipirenso.

Voti ndi Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pamalo athu anthawi zonse. Ndibwera ndi foni yanga, aliyense ayese Vampire Survivors kwa mphindi khumi asanakweze dzanja.