Mphika wa Mnzathu: Mawu a Nthambi ya ku Rustenburg

 Mutamva kuti nthambi ya ku Rustenburg ilankhulapo pa chikondwerero chino, mwina mumayembekezera masamu a masheya ndi chiwongoladzanja. Amenewo alembi akuwerengerani kale. Ife tikamba za chakudya. Musaseke, amayi. Nkhani ya ndalama ilipo kutsogoloku, koma njira yokafikako yadzera kukhitchini.

Kwa inu amene simunafikeko, Rustenburg ili m'chigawo cha North West, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, ulendo wa pafupifupi maola awiri pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Pansi pake pali pulatinamu, ndipo ndi ameneyu adaitana anthu. Eni dera ndi Atswana, monga Abafokeng a ku Phokeng. Migodi idabweretsa Axhosa a ku Eastern Cape, Abasotho a ku Lesotho ndi Ashangani a kumwera kwa Mozambique. Kenaka kudafika Azimbabwe, ndi Aitiyopiya, Asomali ndi a ku Bangladesh amene ali ndi timashopu m'makomboni. Agogo athu ankabwera kumigodi ya dziko lino ndi Wenela, pambuyo pake ndi Theba, koma khomo limenelo lidatsekeka cha m'ma 1988. N'chifukwa chake ambirife sitidziwa m'kati mwa mgodi. Timagwira ntchito za m'nyumba, timaluka tsitsi, timasoka, timagulitsa pamsewu. Komabe ndalama imene timadya imatuluka pansi pomwepo.

Timakhala m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni, ku Tlhabane, ku Boitekong, ku Freedom Park, ena ku Marikana. Khoma ndi lata limodzi. Mnzako akaika mphika pamoto, fungo limakupeza uli pabedi. Masiku oyamba fungo limenelo linkatikwiyitsa, ndipo lathu linkakwiyitsa iwo. Alipo pakati pathu amene analandidi awo adawauza kuti akadzakazinganso usipa asamuke.

Chakudya choyamba chimene chidatichititsa manyazi ndi ting. Mmodzi wa ife adaitanidwa kumaliro kwa analandidi ake, Mtswana. Atamupatsa mbale, adangolawa kamodzi n'kunong'oneza mnzake kuti nsima yawo yasasa, mwina ndi yadzana. Mayi wina wachikulire amene ankagawa chakudya adaona nkhope yake, ndipo m'malo mokwiya adamutengera kuseri kukamuonetsa chidebe. Ting ndi ufa wa mapira, iwo amati mabele, umene amaunyika m'madzi ofunda n'kuusiya masiku awiri kapena atatu kuti usase dala, kenaka n'kuphika. Ndi chakudya cholemekezeka. Paukwati ndi pamaliro chimabwera ndi tshotlo, nyama yophika mpaka kufeweratu n'kuisinja. Mnzathuyo atatifotokozera tidayamba tamuseka, kenaka tidadziseka tokha. Nanga ife mphale sitiinyika masiku angapo tisanapite nayo kuchigayo? Nanga chinangwa cha kondowole ku Nkhata Bay sachivunditsa m'madzi? Thobwa logona nalo sitilimwa mokondwa? Lero kuli ena mwa ife amene Lamulungu likapita osadya ting amati sabata silinathe bwino.

Kuchokera pamenepo tidaphunzira kufunsa. Ukamva fungo lachilendo, gogoda, unene kuti, "Mma, mukuphikachi n'chiyani?" Palibe mayi amene amakana kufotokoza za mphika wake.

Chimene ambirife timachiika patsogolo ndi matapa a amayi a ku Gaza ndi ku Inhambane. Ndi chigwada chathu chomwechi, masamba a chinangwa osinja mumtondo, ndi nsinjiro zomwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amasinjira limodzi ndi adyo, amathira mkaka wa kokonati, amaphika pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali osathamangira soda monga timachitira ena a ife, ndipo zikapezeka amaponyamo nkhanu kapena tinsomba ta m'nyanja ya mchere. Amayi a ku Mangochi amene muli muno, kayeseni, mudzatiuza. Azimbabwe nawo adatidabwitsa ndi ndiwo zotendera ndi chiponde, amati muriwo une dovi, ndi mpunga wachipondenso. Axhosa adationetsa umphokoqo, nsima youma yoyoyoka ngati mchenga imene amathira chambiko m'nyengo yotentha. Apa tisanamizane: ena a ife mpaka lero sitinaizolowere. Si chilichonse chachilendo chimene chimatsika kukhosi, ndipo mbewa zathu nazonso palibe Mtswana amene tamugonjetsa nazo.

Mwana wa mmodzi wa ife, wa kusekondale, adatiuza tsiku lina kuti chimanga chidachokera ku Mexico, chinangwa ndi mtedza ku South America, ndipo zidafika kuno pa zombo zaka mazana angapo zapitazo. Tidamukalipira kuti asanyoze nsima ya makolo. Koma mwanayo ankanena zoona. Mapira amene Atswana amaphikira ting ndiwo adalimidwa kuno ku Africa chimanga chisanabwere, ndiye kuti mnzathu uja kumaliro ankanyoza chakudya chimene agogo a agogo ake ankadya.

Tsopano tifike pa chaka cha 2014, chifukwa ndi pamene chidwi chathuchi chidasanduka nkhani ya moyo. Pa 23 Januwale ogwira ntchito m'migodi ya Anglo American Platinum, Impala ndi Lonmin, motsogozedwa ndi bungwe la AMCU, adayamba sitalaka yofuna malipiro a R12 500 pamwezi. Idatha mu Juni, patapita miyezi isanu. Mabala a ku Marikana, kumene apolisi adapha anthu 34 pa 16 Ogasiti 2012, anali asanapole. Miyezi isanu wopanda malipiro, amayi, tangoganizani. Oluka tsitsi adasowa mitu, osoka adasowa makasitomala, ogulitsa mandasi ankabwerera nawo kunyumba. Akatapila, kuno amati mashonisa, ndiwo ankayenda monyada. A Gift of the Givers adabwera ndi chakudya, koma pakamwa panali pambiri.

Nthawi imeneyo m'mabwalo mwathu miphika idaphatikizana. Wina ali ndi mphale, wina nyemba, wina timafuta pang'ono. Amayi a Chixhosa adatiphunzitsa umngqusho, mphale yophika pamodzi ndi nyemba, imene imagwira m'mimba tsiku lonse ndipo ikagona imakomanso. Ife tidatulutsa mfutso umene amayi athu amatitumizira pabasi, zikwatu zimene tinkazibisa pansi pa bedi poopa kusekedwa. Atswana adauzindikira nthawi yomweyo, nawonso amayanika masamba, amati morogo. Usipa uja wa fungo udapeza ulemu wake chaka chimenecho: kambale kamodzi, ndi tomato awiri, kankadyetsa ana a nyumba zitatu. Analandidi amene ankaopseza kuthamangitsa munthu aja, masiku ano basi ya kumudzi ikamafika ku Park Station ndiwo amayamba kufunsa ngati kanthu kawo kabwera. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Ife tidaziona ndi maso.

Achimwene a ku Ethiopia a m'timashopu adakongoza anthu ufa ndi mafuta miyezi imeneyo, ena osabwezeredwa mpaka lero. Mkazi wa mmodzi wa iwo adatiitanako tsiku lina kuseri kwa shopu. Adatiikira injera, chikate chachikulu chopyapyala, chosasa, chokhala ndi timaenje ngati chisa cha njuchi, chopangidwa ndi ufa wa timbewu tating'onoting'ono totchedwa teff. Ndiwo amaziika pamwamba pake, nonse n'kumadya mbale imodzi ndi manja, monga tinkadyera ife kumudzi tili ana. Kenaka adakazinga khofi ife tikuona, kumusinja, kumuphika, n'kutithirira katatu, pambali pali mbuliwuli. Tidachita manyazi pang'ono, poti kumapiri a kumpoto kwathu khofi amalimidwa koma ife timangodziwa tiyi. Pocheza adatiuza kuti pobwera kuno adadutsa ku Malawi, ndipo mawu amene adasungako ndi "zikomo".

Ana athu ndiye nkhani ina. Obadwira kunowa amakonda kota, buledi wobowola wodzaza tchipisi, poloni ndi atcha, komanso magwinya, amene ndi mandasi aakulu odyera zamchere. Nsima ya ufa woyera amati ndi yofewa kwambiri. Tinkadandaula nazo, mpaka tidaona kuti mwana akaona mnzake Mtswana akunyambita mbale ya nkhwani wotendera, nayenso amayamba kuufuna.

Nayi tsono nkhani ya ndalama ija. Mukudziwa kuti chaka chatha m'nthambi ina mayi wina, wosakhala wa kwathu, adasowa ndi ngongole. Kuchokera pamenepo pamveka maganizo akuti gulu lathu lizilandira olankhula Chichewa okha. Tikumvetsa kuwawa kwake, ndalama imeneyo inali ya thukuta, ina ya fizi ya ana. Koma ife a ku Rustenburg tikupempha kuti lamulo limenelo lisadutse. Kwathu kuno amene adatithawapo ndi ndalama alipo, ndipo adali wa kumudzi konkuja, wopemphera naye tchalitchi chimodzi. Chilankhulo sichidatiteteze. Pamene amayi a ku Mozambique, ku Lesotho ndi Atswana amene tili nawo m'kaundula ndi omwe aja tidadya nawo mphika umodzi mu 2014, ndipo ndi iwo adatiphunzitsa zogulira limodzi zakudya za Disembala kuholoselo monga amachitira m'masitokofela awo.

Chimene chatithandiza ife n'chakuti munthu asanalowe m'gulu, amayi atatu amapita kukadya kunyumba kwake, chakudya cha kwawo, chophika yekha. Sitipitira kukayesa ngati amadziwa kuthira mchere. Ukadya pakhomo pa munthu umadziwa pamene amagona, amene amakhala naye, analandidi ake, anansi amene amamupatsa moni ndi amene amamuyang'ana kumbali. Iyenso amabwera kudzadya kwathu. Zikatero m'pamene timatsegula buku. Tikupempha kuti nthambi zonse zikambirane njira imeneyi musanavote, ngakhale inu a ku Chipata ndi ku Tete amene mumakhala ndi anthu a mitundu ina tsiku ndi tsiku.

Pogawana masheya mu Disembala, aliyense wa nthambi yathu adzaphika chakudya cha mtundu wina, osati cha kwawo. Matapa agwera mayi wa ku Dedza, ting mayi wa ku Masvingo, ndipo nkhwani wotendera tapatsa mayi wa ku Maseru, amene wayamba kale kudandaula kuti kusadzula masamba a maungu kukumuyabwa m'manja. Amayi a ku Mangochi, mutitumizireko usipa wouma bwino ndi mpunga wa Kilombero mwezi wa Novembala usanathe. Amene mudzathe kufika, mudzabwere ndi zotengera.