TIWAPATSE SIPANALA ANA A M'CHIGWA

(Awa ndi mau amene mnzathu wa m'kalasi la 1983 analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Ambiri amene simunabwere munapempha kuti tiwasindikize, ndipo tawalemba monga momwe anawalankhulira.)

 

Pamene a Mlembi anandilembera kalata yoti ndidzalankhule lero, ndinayesa kalatayo yasochera. Zaka zonsezi amene amaima pano ndi madokotala, maloya ndi anthu a madigiri awiriawiri. Ine digiri ndiribe. Mayeso a Folomu 4 ndinakhoza mokwawa, ndipo pa maina a opita ku yunivesite langa silinatuluke. Chimene ndiri nacho ndi satifiketi ya Giredi 1 ya ntchito yokonza mapampu ndi kuwotcherera zitsulo, komanso zala mukuzionazi, zimene sopo analephera kuziyeretsa kalekale.

Zotsatira za mayeso zitatuluka ndinakhala kumudzi, kutsidya kwa Shire, chaka chathunthu. Ndinkathandiza bambo anga kupopera thonje ndi kuweta mbuzi, ndipo anthu ankandilozera ndi milomo kuti uyo wa ku sekondale uja. Tsiku lina aphunzitsi athu a jogalafe, amene tsopano anatisiya, anafika pa njinga atatopa ndi dzuwa, atanyamula kachidutswa ka nyuzipepala. Munali chilengezo chofuna anyamata okaphunzira ntchito zamanja. Bambo anga sanakondwere. Iwo anati anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ine ndidzavale tayi, osati ovolosi. Aphunzitsiwo sanatsutsane nawo. Anangokhala pamkeka mpaka madzulo, ndipo pochoka anasiya ndalama ya basi m'manja mwa mai anga.

Tinakwera mapiri a Chikwawa tiri anyamata atatu a kuno kumunsi, tonse titasankhidwa. Maphunzirowo anali a zaka 4, mbali ina m'kalasi ndipo mbali ina kwa olemba ntchito. Amene ndinamaliza ndine ndekha, ndipo ndikuuzeni zoona, pa atatufe wopusa kwambiri ndinali ine. Mnzanga woyamba anabwerera chaka chachiwiri chifukwa kumene anamutumiza kukaphunzira ntchito analibe mbale aliyense womusunga, ndipo kandalama kamene ankalandira kankathera lendi asanagule ufa. Wachiwiri anaitanidwa kumudzi madzi atakokolola munda wa makolo ake, ndipo sanabwerenso. Panalinso tinthu tina timene munthu wa ku Blantyre sangatiganizire. Mwana wobadwira m'chigwa sakhala ndi juzi. Mwezi wa Juni woyamba uja tinkagona atatu m'bulangete limodzi, mano akugundana. Tikatsegula pakamwa anzathu ankaseka kalankhulidwe kathu, mpaka mnzanga mmodzi anasiya kufunsa mafunso m'kalasi. Ine chimene chinandipulumutsa ndi chakuti azakhali anga anakwatiwa ku Bangwe, ndipo aphunzitsi aja ankandilembera kalata teremu iri yonse, nthawi zina muli kandalama kopindidwa.

Anyamata awiri aja nzeru anali nazo, boma malo linawapatsa, koma anasowa munthu woima kumbuyo kwao. Nkhani yanga lero ndi yomweyo.

Ndisanapitirire, ndikumbutseko anzanga ena amene amaganiza kuti ntchito zamanja ndi za anthu olephera. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo zao, akusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Anapeza thonje likulimidwa m'midzi, anthu akupota ulusi ndi kuomba nsalu zao. Ena ankaphika mchere n'kumagulitsa kumapiri. Akuluakulu ena amanena kuti dzina lenilenilo la Amang'anja linachokera ku ng'anjo, ngakhale ena amatsutsa. Amene mumakonda kuwerenga, funani buku la Elias Mandala la m'chaka cha 1990 lonena za mbiri ya ntchito m'chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960. Mudzaona kuti mvukuto ndi chipala si zinthu zobwera ndi Azungu. Chimene chinachitika n'chakuti makasu ndi nsalu za m'sitolo zitachuluka, osula ndi oomba nsalu anasowa msika, ndipo ife tinasanduka olima thonje loti akaombe ena kutali. Agogo anga aamuna anali omaliza kusula m'mudzi mwathu. Nyundo yao ndikusungabe, ngakhale chogwirira ndinasintha kawiri.

Tsopano tayang'anani ntchito zimene zabwera m'chigwa chino m'moyo wathu womwe uno. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo inayamba kugaya nzimbe m'chaka cha 1966. Kwabwera alimi a nzimbe a ku Kasinthula, kenaka a ku Phata. Magetsi a pa Kapichira anayamba kupangidwa m'chaka cha 2000. M'chaka cha 2020 boma linakhazikitsa ntchito yokumba ngalande yaikulu yotenga madzi pa Kapichira kutsikira ku Bangula, yoti idzathirire mahekitala oposa 43,000. Ntchito zonsezi zimaima pa amisiri: omanga, owotcherera, okonza mapampu, a zamagetsi, oyendetsa ndi okonza makina okumba. Ndipo madzi akationonga, monga anachitira m'Januwale 2015, m'Malichi 2019, m'Januwale 2022 pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, ndiponso m'Malichi 2023 ndi Freddy, amene amafunika m'mawa mwake ndi amisiri omwewo. Mlatho sumangidwa ndi chifundo.

Pa ntchito ina yomanganso midadada ya sukulu itagwa ndi madzi, ine ndinapatsidwa mbali yokonza mijigo. Nthawi ya nkhomaliro ndinkacheza ndi amisiri anzanga, ndipo ndinafunsa aliyense kwao. Wina Thyolo, wina Zomba, wina Lilongwe, wina mpaka Karonga. Ana a m'midzi yozungulira analipo ambiri ndithu, koma onse anali otunga madzi, okanya matope ndi okankha wilibala. Sindikudandaula kuti abale athu a kumtunda anabwera, pakuti Malawi ndi mmodzi ndipo ntchito yao inali yabwino. Kontilakitala amafuna munthu wa pepala, ndipo wa pepala kuno sanampeze. Koma ntchito itatha amisiri aja anakwera lole n'kubwerera kwao ndi luso lao. Mjigo ukaonongeka lero, mudzi umadikira miyezi, amai n'kubwerera kumtsinje kumene kuli ng'ona.

Ndikamati ana a m'chigwa, pasakhale wina wondimva molakwa. Sindikusankha Mmang'anja kusiya Msena, kapena mdzukulu wa Amakololo a kwa Kasisi ndi kwa Maseya kusiya mwana wa munthu amene anabwera kudzadula nzimbe n'kukhazikika. Ndikunena mwana aliyense amene mchombo wake unagwera pakati pa Kapichira ndi Marka, amene madzi akasefukira alibe kwina kothawira.

Nanga boma silikuchitapo kanthu? Likuchita, ndipo tiyamike. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha ndalama yothandizira maphunzirowa. M'chaka cha 2015 boma linayamba kutsegula masukulu a ntchito zamanja a m'maboma, kuyambira pa Ngara ku Karonga. Komabe tawerengani masukulu akuluakulu aja amene tinakula tikuwamva: Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Onse 7 ali kumtunda. Mwana wa kwa Chapananga kapena wa ku Makhanga akasankhidwa kumeneko, ulendo wake ndi womwe uja tinayenda ife, ndipo mavuto ake ndi omwe aja. Kuonjezera apo, kuyambira pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, ana omaliza sukulu achuluka kwambiri kuposa malo amene alipo. Ambiri mukuwaona pa Dyeratu ndi pa Nchalo atatsamira njinga za kabaza, satifiketi ya Folomu 4 iri m'sutikesi kunyumba.

Ndinawerengapo za dziko la Australia, kumene eni nthaka, anthu otchedwa Aaborijini, anatsalira kwambiri pa maphunziro atalandidwa malo ao. M'chaka cha 1969 boma la kumeneko linayamba thumba lapadera lothandiza ophunzira a mtunduwu, limene likudziwika ndi dzina loti ABSTUDY. Nkhani yao ndi yowawa kuposa yathu, pakuti iwo ana ao ankachita kulandidwa m'manja mwa makolo, ndipo sindikufuna kuyerekeza zinthu zosafanana. Chimene chinandigwira mtima ndi zinthu zimene thumbalo limalipira. Silithera pa fizi pokha. Limathandiza pa chakudya ndi pogona, ndiponso limalipira ulendo woti wophunzira wochokera kutali apite kusukulu ndi kubwerera kwao pa tchuthi. Anthu amenewo anazindikira kuti mwana wa kumudzi sagwa pa mayeso pokha, amagwanso pa siteji ya basi. Nditawerenga ndinakumbukira anzanga awiri aja.

Tsopano ndifike pa thumba lathu. A Msungichuma atiwerengera bwino lipoti lao, ndipo tamva kuti malamulo a thumba lathu amalola kuthandiza okhawo amene asankhidwa kupita ku yunivesite. Lamuloli tinalipanga tokha, ndipo ine ndinakweza nawo dzanja, chifukwa nanenso ndinkachita manyazi ndi ovolosi yanga. Koma taganizani. M'kalasi la ana ambirimbiri, opita ku yunivesite amawerengeka ndi zala. Otsalawo, amene ndiwo ochuluka, bungwe lathu limawaiwala tsiku lomwe atuluka pa geti. Ndipo mwa amene tinawathandiza n'kutenga madigiri, ndi angati akugwira ntchito kuno? Sindikuwadzudzula, ntchito zao ziri m'tauni. Ine ndemwe mwana wanga wamkazi ali ku Lilongwe. Koma mmisiri wa mijigo ntchito yake iri kumene kuli mjigo.

Pempho langa ndi lakuti pa kwacha zitatu ziri zonse zimene tisonkha, imodzi ipite kwa ana osankhidwa ku masukulu a ntchito zamanja. Ndalamayo isapite ku fizi yokha. Igule bokosi la zipangizo, pakuti kalipentala wopanda sowo ndi pulena amakhala waganyu wa mnzake moyo wake wonse. Ilipire mayeso a giredi, chifukwa alipo anyamata ambiri m'magalaja a pa Ngabu ndi pa Bangula amene injini amaidziwa ngati chikhatho chao, koma akhala masipanala boyi zaka khumi posowa ndalama yolembera mayeso. Ilipirenso basi. Ndipo chimene sichifuna ndalama: ife amene tikukhala ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe, aliyense atenge mwana mmodzi woti azimuyendera. Ngati muli ndi kachipinda kosungiramo makasu, kasesedwe. Ngati mulibe, muitaneni Lamulungu adzadye nsima ya mapira ndi kulankhula chakwao momasuka.

Ndisakhale ngati woyera pakati panu, ndiulule kulakwa kwanga. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mtsikana ku shopu kwanga, womaliza Folomu 4 pasukulu pomwe pano, kudzapempha kuti ndimuphunzitse kuwotcherera. Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti moto wa wedilala udzamuononga maso asanapeze banja, ndipo apite akaphunzire kusoka. Anabweranso kawiri, ine osasintha. Patapita miyezi ndinamva kuti makolo ake amukwatitsa kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Mai a kunyumba kwanga, amene ali pompano, sanandilankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anangondifunsa kuti, kodi aphunzitsi aja akanakuyang'anani monga mwamuyang'anira mwanayu, bwenzi muli kuti? Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndiribe. Chifukwa chake ndikupempha kuti m'lamulo latsopanoli tilembemo poyera kuti theka la othandizidwa akhale atsikana, kuti munthu wamakani ngati ine asadzapeze pozembera.

Ndikudziwa kuti ena mufunsa ngati ndalamazi sizidzangolowa m'madzi, mwana n'kugulitsa zipangizo kukagula foni. Zitheka ndithu, mmodzi kapena awiri adzatero. Tingathe kuchepetsa zimenezi pogula zipangizo tokha m'malo mopereka ndalama m'manja, ndiponso polemba kuti bokosilo ndi la bungwe mpaka mwini wake atakhoza Giredi yoyamba. Enanso munena kuti tikuchepetsa gawo la ana a ku yunivesite. Zoona, tichepetsa, pokhapokha amene munasiya kusonkha mutayambiranso. A Msungichuma maina anu ali nawo, ine sinditchula.

Kumbali yanga, shopu yanga itenga ana awiri kuyambira mwezi wa Januwale, mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi, osalipira kanthu, ndipo nkhomaliro azidya kwathu. A Mphunzitsi Wamkulu ndiwo asankhe, ine ndisalowererepo. Ndaika pepala patebulo la pakhomo paja. Aliyense amene ali ndi galaja, shopu ya matabwa, kampani yomanga kapena chipinda chogona mwana, alembe dzina lake ndi kumene akukhala tisanapite kukadya. A Tcheyamani, ndikupempha kuti nkhani yosintha lamulo la thumba ilowe pa mndandanda wa zokambirana za masana ano, ndipo tivotere lero lomwe.