Galimoto ya Waya ndi Ulendo wa Mphamvu

Mwana wa ku Kawale kapena ku Biwi amene aluka galimoto ya waya waima kale pa khomo la sayansi. Mphunzitsi angomangirira mpira wa cubu ca njinga ku waya wogwira mawilo. Mwana akaukulunga, mphamvu ya m'dzanja lake isungika mumpiramo; akautaya, mpira umasuka nuzunguza mawilo. Galimoto ikaima, mphamvuyo siinafe ai, koma yasanduka kutentha ndi phokoso. Lamulo lomweli analitsata William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, pamene anasandutsa mphepo magetsi ndi zitsulo zakudzala, ali ndi zaka 14. Cotero makolo aleke kukalipira ana otola mawaya, pakuti m'mera mpoyamba.