Tisatenthe Zigamba, Chisanu Chikubwera

(Mawu amene anayankhulidwa kwa atsogoleri a chipani, alangizi ndi ogwira ntchito m'boma pa msonkhano wa zachitukuko kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo)

 

Nkhani imene ndadza nayo lero ena aiyesa yochepa, yosayenera msonkhano wa anthu olemekezeka ngati inu. Ndi nkhani ya tizidutswa ta nsalu timene timagwa pansi pa makina a telala, timene madzulo timasesedwa ndi kukatayidwa kudzala kapena kutenthedwa. Ine ndikuti tizidutswa timeneti ndi chuma chimene tinalipira kale, ndipo ndi udindo wathu atsogoleri kuonetsetsa kuti tisanduke zofunda, zikwama ndi mphatso m'midzi yathu.

Tiyambe ndi vuto limene tonse timalidziwa. Kuno ku Thyolo kumazizira. Juni ndi Julaye akafika, chiperoni chimaomba, nkhungu imaphimba mapiri, ndipo mvula yamawawa imatha masiku osaleka. Nyengo imene imakometsa tiyi wathu ndi yomweyo imene imagoneka mwana wa wothyola tiyi atadzipinda ngati bongololo. Komanso taonani m'mene chaka chimayendera: tiyi wochuluka amathyoledwa m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Mvula ikatha masamba amachepa, ndipo antchito ambiri aganyu amaimitsidwa. Choncho ndalama imasowa m'thumba pa nthawi yeniyeni imene bulangete likufunika pamphasa. Kumunda nako kulibe kothawira, pakuti malo aakulu ali m'manja mwa maesiteti, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lathu lino. Ndiponso sitinaiwale Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba kuno, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, mabanja ambiri n'kutsala opanda ngakhale chofunda.

Tsopano tione mtengo wa nsalu. Fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo kwa zaka zambiri inkaomba nsalu kuchokera ku thonje la alimi athu. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, nsalu zakunja ndi kaunjika zinadzaza misika, ndipo mu 2003 fakitale ija inagulitsidwa kwa a Mapeto. Nsalu zambiri zimene timavala zimachokera kunja, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene fodya, shuga ndi tiyi wathu yemweyu amabweretsa. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa nsalu unakwera. Mayi akagula chitenje cha mamita awiri amalipira nsalu yonse, osati gawo lokhalo limene lalowa m'bulauzi. Chomwecho amene akutentha zigamba akutentha thukuta la munthu amene anasenza dengu la tiyi tsiku lonse.

Luso limene ndikunenali si lachilendo pakati pathu. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa inayamba mu 1902, ndipo amayi a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist anatenga dzina la mayi wa m'buku la Machitidwe amene ankasokera amasiye zovala. Amayi a Mvano a CCAP ndi a mipingo ina akhala akuphunzitsana singano ndi ulusi kuyambira kale. Boma linkaphunzitsa alangizi a zapakhomo ku Magomero, amene ankayenda m'midzi kuphunzitsa kusoka ndi kuphika, ndipo mu 1985 kunakhazikitsidwa bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi. Agogo athu ambiri amadziwa kulumikiza nsalu mwaluso. Chimene chinationonga ndi manyazi. Tinazolowera kuganiza kuti chigamba ndi chizindikiro cha umphawi, kotero kuti munthu amalola kugona ndi chisanu kusiyana ndi kufunda chinthu cha zigamba.

Anzathu ena anataya manyazi amenewa ndipo anapindula. Ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi osauka, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje, ankasoka zofunda kuchokera ku mathalauzi akutha a amuna awo ndi matumba akale, chifukwa nyumba zawo zinali zozizira. Mu 1966 amayi a m'dera limenelo anapanga gulu logulitsa pamodzi lotchedwa Freedom Quilting Bee. Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinajambulidwa pa masitampa a dziko lawo. Ku Bangladesh ndi ku India amayi amasanjikiza nsalu zakale ndi kuzisoka kukhala chofunda chotchedwa kantha. Anthu onsewa anayamba monga ife, ndi chisanu, umphawi ndi singano. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tili ndi chitenje, nsalu ya mitundu yowala imene mlendo aliyense amaiyang'ana kawiri.

Kodi chofunda chotere chimasokedwa bwanji? Ndifotokoza mwatsatanetsatane kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Poyamba zigamba zichapidwe, ziyanikidwe ndi kusitidwa, pakuti nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo ina imasuluka ndi kudetsa inzake. Kenaka zisankhidwe: zolemera pazokha, zopepuka pazokha, za thonje pazokha, zoterera pazokha. Mukaphatikiza nsalu yolimba ndi yofewa, yolimbayo imakoka inzake ndipo msoko umang'ambika. Mukatero dulani kakatoni kofanana mbali zonse zinayi, masentimita 12 uku ndi uku, ndipo chigamba chilichonse chidulidwe potsata kakatoniko. Sentimita imodzi mbali iliyonse idzalowa mumsoko, ndipo chotsala chooneka chidzakhala masentimita 10.

Tiwerengere pamodzi. Chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali chimafuna mizere 20, mzere uliwonse wa zigamba 15, zonse pamodzi 300. Kwa munthu mmodzi ndi ntchito yaitali. Koma amayi khumi akagawana, aliyense atenga zigamba 30, ndiyo mizere iwiri yokha. Mutu umodzi susenza denga.

Chofunda chabwino chili ndi magawo atatu. Pamwamba pali zigamba zolumikizidwa zija. Pakati pamaikidwa bulangete lakutha, majuzi akale otambasulidwa, kapena thonje lochotsedwa njere. Pansi pamakhala zitenje ziwiri zakale zolumikizidwa. Chimene chimafunditsa si kulemera kwa nsalu ayi, koma mpweya umene umatsekeredwa pakati pa magawowo ndi kusunga kutentha kwa thupi. Magawo atatuwa asokedwe pamodzi ndi mizere yotalikirana ngati chikhatho, kapena amangidwe mfundo ndi ulusi wolimba, kuti zam'kati zisaunjikane mbali imodzi pochapa. Pomaliza m'mphepete monse mupindidwe ndi kansalu kakatali. Makina akakhalapo ntchito imafulumira, koma pamene palibe, singano ya pamanja ikwanira.

Zidutswa zimene zachepa kwambiri nazo zili ndi ntchito. Mu 2015 boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Chikwama cha zigamba chimalowa m'malo mwa jumbo pamsika, ndipo chimatha zaka. Mwana wa sukulu afuna kathumba ka makope kuti mvula isamuonongere. Mayi afuna epuloni ndi kansalu kophulira mphika pamoto. Tinsalu tating'onoting'ono timene sitingasokeke tikhoza kulowa mumtsamiro, kapena kumangidwa pa chiguduli kukhala chopondera pakhomo. Atsikana athu ambiri amajomba kusukulu masiku a kumwezi chifukwa chosowa chovala. Nsalu ya thonje yofewa, yosokedwa mwaukhondo ndi yochapika, imathandiza pa vuto limeneli. Ndipo mukumbukira kuti mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, matelala athu a pakhonde ndiwo anasoka zotchinga pakamwa ndi pamphuno kuchokera ku zidutswa za zitenje. Chimene tinachita chifukwa cha mantha tikhoza kuchichita chifukwa cha nzeru.

Tinene za mphatso. Mwana akatuluka m'chikuta, pa chinkhoswe, pa ukwati, kapena pokazonda wodwala, mwambo wathu sulola kupita chimanjamanja. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Koma mabanja ambiri amalowa m'ngongole ya katapila pofuna kugula mphatso ya m'sitolo kuti asanyozeke. Kachofunda ka khanda kosokedwa ndi zidutswa za zitenje za amayi ake, azakhali ake ndi agogo ake kali ndi ulemu umene sitolo singagulitse, pakuti mwanayo amafunda mtundu wake wonse.

Tsopano ndifike pa udindo wathu. Choyamba, atsogoleri a m'nthambi pamodzi ndi mafumu akakambirane ndi matelala a m'misika ya kuno, ya ku Makwasa, ya ku Luchenza ndi ya pa Boma, kuti aliyense aziika thumba pambali pa makina ake. Telala asaumirizidwe. Zigamba zili m'manja mwake, ndipo ngati afuna kamtengo kochepa, kapena chikwama chimodzi pa thumba lililonse, gulu ligwirizane naye mwaulemu. Mayi wokasoketsa naye azikumbukira kuitanitsa zotsala za nsalu yake. Ogulitsa kaunjika nawonso amatsala ndi zovala zong'ambika zimene palibe wogula. Zimenezo ndi zabwino kuika pakati pa chofunda.

Chachiwiri, alangizi ndi aphunzitsi afufuze agogo amene ali ndi lusoli ndi kuwaika patsogolo. Tisadikire mphunzitsi wochokera ku Lilongwe pamene mphunzitsi ali kuseri kwa nyumba yathu. Anyamata nawo aphunzire. Matelala ambiri a pakhonde ndi amuna, choncho pasapezeke wonena kuti singano ndi ya akazi okha. Wachinyamata amene waonetsa luso alangizidwe za maphunziro a ntchito zamanja a bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999.

Chachitatu, ntchito iyambe msanga. Kusonkhanitsa zigamba kuchitike m'dzinja, makamaka nyengo ya Khirisimasi pamene matelala ali ndi ntchito yambiri. Kusoka kuyambe mu Epulo ntchito ya tiyi ikayamba kuchepa, kuti Juni adzapeze zofunda zili m'nyumba. Zofunda zoyamba zipite kwa okalamba, ana amasiye ndi odwala a m'mudzi momwemo. Zotsatira zake ndizo zigulitsidwe.

Chachinayi, inu ogwira ntchito m'boma, amene mumalandira malipiro pakutha pa mwezi, khalani oyamba kugula. Mphunzitsi wamkulu akanyamula chikwama cha zigamba, mwana wa sukulu sadzachita nacho manyazi. Namwino akayala chofunda chotere pabedi pake, mudzi wonse udzachifuna. Anthu amatsata zimene mtsogoleri amachita koposa zimene amanena.

Ndisanakhale pansi ndipereke machenjezo awiri. Loyamba likupita kwa osoka. Ntchito ya mphwayi imapha msika. Mlendo wodzaona minda ya tiyi, kapena wogula wa ku Limbe, akagula chikwama chimene chasosoka patangopita sabata, sabweranso, ndipo amauza anzake. Poika mtengo werengerani ulusi, nsalu ya pansi ndi masiku amene mwakhala pa ntchitoyo. Zigamba mwina mwazipeza ulere, koma manja anu si aulere. Gulu likhale ndi kope lolembamo cholowa ndi chotuluka, ndipo liziwerengedwa pamaso pa onse.

Lachiwiri likupita kwa ife atsogoleri. Pasapezeke munthu wotenga zosoka za amayi pa dzina la mphatso ya alendo olemekezeka popanda kulipira. Pasapezeke wosonkhanitsa amayi kuti asoke zokaonetsa pa tsiku la chionetsero chokha, alendo akachoka ntchito n'kuthera pomwepo. Mlendo akafuna chofunda, ofesi igule. Mayi amene wasiya munda wake ndi kukhala pa singano masiku asanu ayenera kuona phindu lake m'nyumba mwake. Tikalephera apa, amayi adzaleka, ndipo adzakhala atachita bwino.

Amayi ndi abambo, sindinalonjeze kuti zigamba zithetsa kuchepa kwa malo kapena kukweza malipiro a m'maesiteti. Imeneyo ndi milandu ikuluikulu, ndipo tipitiriza kuikamba m'mabwalo ake. Koma ntchito iyi sifuna ngongole, sifuna ndalama zakunja, ndiponso sifuna chilolezo cha wina aliyense. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nthambi iliyonse ikasoka zofunda zisanu chisanu chisanafike, tidzawerenga tokha agogo ndi ana amene agona tulo chifukwa cha msonkhano uno. Pa msonkhano wotsatira mlembi aliyense adzabwere ndi chiwerengero cha matelala amene agwirizana nawo ndi zofunda zimene zatha.