Chifukwa Chimene Mbeu Zimafotera Panthaka Yonyowa

Pali dandaulo limodzi limene alangizi a zaulimi amalandira chaka ndi chaka m'masabata oyamba a mvula yobzalira. Mlimi anabzala chimanga pa nthawi yake, nathira feteleza wokulitsa m'phando, koma mbeu zina sizinamere, zina zinamera n'kuuma nsonga ngati zawauka ndi moto. Iye amaganiza kuti anamugulitsa feteleza wachinyengo, kapena kuti mbeu ya haibulidi inali yowonongeka. Mlangizi akalephera kufotokoza chimene chachitika pansi pa nthaka, mlimiyo chaka chinacho akhoza kusiya feteleza kotheratu, atataya kale ndalama zimene anazipeza movutikira. Yankho la dandauloli lagona pa mmene madzi, mchere ndi mpweya zimalowera ndi kutulukira m'maselo a zomera.

Chamoyo chilichonse chinapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo iliyonse ndi yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala koopsa, kotero kuti tizikopa 100,000 titasanjikizidwa tingangokwana pafupifupi milimita imodzi. Kachikopaka kamasankha zodutsa. Mpweya wa okosijeni umadutsa mosavuta, madzi nawo amadutsa, koma mchere ndi shuga zimadutsa pokhapokha pamene pali timakomo tapadera. Kunja kwa kachikopaka, selo ya chomera ili ndi khoma lolimba, koma khomalo silisankha kanthu. Ntchito yake ndi kuteteza selo kuti isaphulike ikadzaza madzi.

Njira yoyamba ya kayendedwe ndi imene akatswiri amaitcha diffusion, ndiko kufalikira kwa tinthu kuchoka pamene tachuluka kunka kumene tachepa.  Adolf Fick wa ku Germany ndiye analongosola lamulo la kufalikiraku mu 1855, ndipo mfundo imene mlangizi ayenera kuigwiritsitsa ndi yakuti kufalikira kumafulumira pa mtunda waufupi koma kumachedwa kwambiri pa mtunda wautali: mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi yofunika imawirikiza kanayi.

Mfundo imeneyi ikufotokoza zinthu ziwiri za m'munda. Choyamba, okosijeni amafalikira m'madzi pang'onopang'ono kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mumpweya. Madzi akadikha m'munda, timipata ta m'nthaka timadzaza, ndipo mizu imabanika. Mpunga umapirira chifukwa uli ndi timinjira ta mpweya tochokera m'masamba kutsikira kumizu. Chimanga ndi nyemba sizingapirire chotero. Chachiwiri, fosiforasi amafika ku mizu makamaka mwa kufalikira, ndipo m'nyengo yonse amayenda mamilimita ochepa chabe kuchokera pamene anaikidwa. Naitorojeni wa mtundu wa nitrate ndi wosiyana, pakuti amayenda ndi madzi ndipo mvula yambiri imamukokolola kunka pansi. N'chifukwa chake feteleza wokulitsa wokhala ndi fosiforasi, monga 23:21:0+4S kapena Compound D, ayenera kukhala pafupi ndi mizu. Koma pafupi motani? Apa ndi pamene njira yachiwiri ikulowerera.

Njirayo ndi osmosis. Mu 1748, Jean-Antoine Nollet wa ku France anadzaza botolo ndi mowa waukali, natseka pakamwa pake ndi chikhodzodzo cha nkhumba, n'kulimiza m'madzi. Patapita maola angapo chikhodzodzocho chinatukumuka, kusonyeza kuti madzi analowa ambiri kuposa mowa umene unatuluka. Wilhelm Pfeffer anayeza mphamvu ya kukankha kumeneku mu 1877, ndipo mu 1992 gulu la Peter Agre linaonetsa kuti m'tizikopa ta maselo muli timakomo ta madzi okhaokha, ntchito imene inam'pezetsa mphoto ya Nobel mu 2003. Tanthauzo lake ndi ili: pamene kachikopa kosankha kalekanitsa madzi a mitundu iwiri, madzi amachoka mbali imene muli mchere kapena shuga wochepa kunka mbali imene muli wambiri. Mwachidule, madzi amalondola mchere.

Mayi aliyense anaziona kale m'khitchini. Akawaza mchere pa matimati odula, mbale imadzaza madzi. Nsomba ndi nyama zothira mchere wambiri siziola msanga chifukwa mcherewo umakoka madzi kuchoka m'tizilombo toolesa. Pa tsiku lachionetsero mlangizi angathe kudula mbatata ya kachewere tizidutswa tiwiri tofanana, kena n'kukaika m'kapu ya madzi abwino, kena m'kapu ya madzi osungunuliramo supuni ziwiri za feteleza. Pakatha ola limodzi, koyamba kamakhala kolimba, kachiwiri kamakhala kofewa ndi kopindika. Alimi akagwira tizidutswato ndi manja awo safunanso mau ambiri.

Munthaka yabwino, madzi a m'kati mwa timizu tangati ubweya amakhala ndi mchere ndi shuga wochuluka kuposa madzi a m'dothi, choncho madzi amalowa. Maselo amadzaza nakankha makoma awo, ndipo ndiko kumene kumaimika tsinde lanthete ndi kutambasula masamba. Tsono feteleza ndi mchere. Timibulu take tikagundana ndi mbeu, timasungunuka m'chinyontho chochepa chimene chili m'phando n'kupanga madzi a mchere waukali kuposa a m'kati mwa mbeu. Madzi amatembenuka: m'malo molowa amatuluka, maselo amakhwinyata, muzu woyamba umafa. Mau akuti feteleza wawotcha mbeu ndi osokeretsa pang'ono, pakuti palibe moto kapena kutentha. Mbeu imafa ndi ludzu ili m'dothi lonyowa.

Feteleza sangofanana ukali wake. Muriate of potash ndi waukali kwambiri pa nkhani ya mchere, pamene superphosphate ndi wofatsa. Urea ali ndi vuto lachiwiri: akamasungunuka m'nthaka amatulutsa ammonia, amene ndi poizoni ku mizu yanthete, motero sayenera konse kugundana ndi mbeu. Ngozi imakula m'dothi lamchenga, limene limasunga madzi ochepa, komanso pamene mvula yobzalira yagwa pang'ono n'kudula. Lamulo lodziwika ndi lakuti feteleza wokulitsa akhale masentimita 5 pambali pa mbeu ndi masentimita 5 kunsi kwake. Pamenepo ndi pafupi mokwanira kuti mizu ipeze fosiforasi msanga, komanso patali mokwanira kuti mchere ufike utachepa mphamvu. Wobereketsa athiridwe m'kadzenje pambali pa phando, pamene nthaka ili ndi chinyontho, ndipo akwiriridwe. Zitosi za nkhuku zosaola zimachita chimodzimodzi, makamaka m'nazale za fodya ndi ndiwo zamasamba.

Pali kulakwitsa kwina kofala kumene kuyenera kukonzedwa ngakhale pakati pa alangizi. Osmosis imalowetsa madzi, osati chakudya cha mbeu. Potaziyamu ndi naitorojeni nthawi zambiri zimakhala zochuluka m'kati mwa muzu kuposa m'madzi a m'dothi, choncho muzu umachita kuzipopa mokakamiza, ndipo mphamvu yopopera imachokera m'kupuma kwa muzuwo. Muzu wobanika sungapope. Chimanga cha m'dambo lodikha madzi chimachita chikasu ngakhale chili ndi feteleza wokwanira, ndipo mlimi amene athamangira kukagula thumba lina la Urea amangotaya ndalama. Chimene munda wotero ukufuna ndi ngalande ndi mizere yaitali msinkhu.

Vuto lalikulu kuposa onsewa, chifukwa limadza mwakachetechete, ndi la mchere m'minda yothirira. Madzi onse a mumtsinje ndi pachitsime ali ndi mchere pang'ono. Dzuwa limachotsa madzi, mchere n'kutsala. Tiyerekeze madzi okhala ndi galamu imodzi ya mchere pa lita iliyonse. Kuthirira mamilimita 500 pa hekitala ndi malita 5,000,000, kutanthauza matani 5 a mchere pa nyengo imodzi. M'madera otentha ndi a mvula yochepa, monga kumunsi kwa chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere, mvula siikwanira kutsuka mchere wonsewo chaka chilichonse. Zizindikiro zake ndi nkhanambo yoyera pamwamba pa dothi, mbeu zopinimbira m'zigawozigawo, ndi kufota masana ngakhale munda wathiriridwa m'mawa.

Mchere wa m'nthaka umayezedwa poona mmene madzi ake akudutsira magetsi, ndipo muyeso wake ndi dS/m. Nthaka ikapitirira 4 dS/m imawerengedwa kuti ndi yamchere, koma mbeu zambiri zimayamba kuvutika muyeso usanafike pamenepo. Malinga ndi ndandanda imene Maas ndi Hoffman anasindikiza mu 1977, zokolola za nyemba zimayamba kutsika pa 1.0, anyezi pa 1.2, chimanga pa 1.7, matimati pa 2.5 ndi mpunga pa 3.0, pamene thonje limapirira mpaka 7.7. Mapira nawo ndi opirira kuposa chimanga. Choncho kusankha mbeu ndi gawo la mankhwala. Gawo lina ndi kathiriridwe. Kuwaza timadzi tochepa tsiku ndi tsiku kumaunjika mchere pamwamba pomwe pali mizu. Pamafunika nthawi ndi nthawi kuthirira kwambiri kuti madzi atsike ndi mchere kupitirira mizu, koma izi zimathandiza pokhapokha ngati madziwo ali ndi kolowera. Popanda ngalande, madzi a pansi amakwera n'kubwezera mchere womwewo. Pothirira m'ngalande za pakati pa mizere, mchere umasonkhana pamwamba pa mzere, motero mbeu ibzalidwe m'mbali mwake. Kuphimbira nthaka ndi udzu kapena mapesi kumachepetsa kuuma, ndipo mchere sukwera msanga.

Mlangizi akaitanidwa kumunda kumene chimanga sichinamere bwino, ayambe wafukula maphando angapo, ofa ndi amoyo omwe, mwini munda akuona. Ngati timibulu ta feteleza tili pa mbeu, muzu woyamba uli wofiirira ndi wonyala, ndipo palibe zizindikiro za mbozi kapena chiswe, chifukwa chake chapezeka. Mvula yabwino ikagwa mcherewo umasungunuka n'kufalikira, ndipo mlimi angathe kupakiza pambali pa phando lakalelo popanda kuthiranso feteleza wokulitsa, pakuti fosiforasi amene anathira akadali pomwepo.