Kukana kuyezedwa mowa pamsewu: phunziro kwa akabaza ndi madalaivala a kunyanja

Phunziro la chitetezo cha pamsewu limene mlangizi amabweretsa pabwalo la mfumu m'midzi ya m'boma la Mangochi limalunjika kwa anthu amene amapeza chakudya chawo pamsewu wa M10, wochoka ku boma kulowera ku Monkey Bay, ndi wa M3, umene umawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera ku Namwera mpaka kuchipata cha Chiponde. Awa ndi akabaza a njinga zamoto, madalaivala a minibasi, ndi oyendetsa malole amene amanyamuka usiku ndi madengu a usipa kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe. Mlangizi amakhala ndi chiwerengero cha magulu a kabaza oti awafikire chaka chisanathe, ndipo uthenga wake ndi umodzi: woyendetsa akaimitsidwa n'kupemphedwa kuti apumire m'kachipangizo koyezera mowa, asakane.

Kachipangizoka, kamene apolisi amati breathalyser, kamayeza mowa wopezeka mu mpweya wochokera m'mapapo, popeza mowa ukalowa m'magazi umatulukiranso pang'ono mu mpweya umene munthu akupuma. Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, ndipo malire amene dziko lino limatsatira ndi magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mayiko kuti asapitirire 0.05. Mlangizi amatchula manambalawa mothamanga ngati aliyense akuwadziwa, koma tanthauzo lake n'lakuti munthu angathe kudutsa malire a lamulo asanayambe kudzandira kapena kusokoneza mawu. Pamaso pa lamulo njinga yamoto ndi galimoto, choncho wakabaza sali kunja kwa mlanduwu.

Kufunsa anthu zimene amachita sikutenga nthawi. Mlangizi akafunsa kuti ndi angati amene anayendetsapo atalawa, palibe amene amakweza dzanja a gulupu ali pomwepo, ndipo nthawi zambiri mkulu wina amayankha mwaulemu kuti mudziwo ndi wa Asilamu ndipo mowa suwakhudza. Yankholi lili ndi choonadi chake, koma mayi wosamwa amene akupita kusikelo ndi mwana kumbuyo amakwera njinga ya munthu amene sakudziwa kumene wagona, ndipo lole imene imadutsa pa Makawa anthu akuyenda m'mphepete mwa msewu siyendetsedwa ndi wam'mudzi momwemo.

Machenjezo amakula mlangizi akayamba kukumbutsa zimene zinayesedwa kale. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali womwewo unabwereranso m'timabotolo totsika mtengo, ndipo kachasu sanasowepo m'madoko ngati Msaka ndi Malembo, kumene ndalama imayenda kwambiri usipa ukaphedwa wambiri. Chimene chimapha ambiri si kuledzera kwa usiku kokha komanso matsire a m'mawa, chifukwa chiwindi, chimene chimachotsa mowa m'magazi, chimagwira ntchito pa liwiro lake, pafupifupi botolo limodzi laling'ono la mowa wamba pa ola. Kusamba m'nyanja, kumwa tiyi wowawa kapena kutafuna chingamu kungachotse tulo ndi fungo, koma sikuchepetsa mowa m'magazi, motero amene anasiya kumwa atambala atayamba kulira n'kudzutsa njinga dzuwa likutuluka amakhala akadali woledzera ngakhale iye akudzimva kuti ali bwino.

Pa za kukana, mlangizi amafotokoza kuti ambiri amaganiza kuti popanda nambala ya pa kachipangizo palibe mlandu, ndipo maganizo amenewa ndi amene amagonetsa anthu m'chitokosi. Wapolisi amene ali ndi chifukwa chomveka chokayikira woyendetsa angathe kumugwira ndi kusunga galimoto kapena njinga yake, ndipo bwalo la majisitireti limamva umboni wa amene anaona mayendetsedwe, fungo la mowa, maso ndi mayendedwe a munthuyo, kuphatikizapo mfundo yakuti anakana kuyezedwa. Kulimbana ndi wapolisi kapena kumutsekereza pa ntchito yake ndi mlandu wina pawokha. Wopezeka wolakwa angalipitsidwe chindapusa, angatsekeredwe kundende, ndipo angalandidwe laisensi kwa nthawi. Ngati pafa munthu, mlandu umalemera kwambiri. Kwa wakabaza amene amayendetsa njinga ya bwana ndipo amapereka ndalama madzulo alionse, masiku ochepa okha njinga ili kupolisi ndi okwanira kuti ntchito ithe. Popeza anyamata ambiri a ku Mangochi amapita ku Joni, amauzidwanso kuti ku South Africa gawo 65 la National Road Traffic Act ya 1996 limaletsa poyera kukana kupereka mpweya kapena magazi, ndipo malire ake ndi 0.05 kwa aliyense ndi 0.02 kwa amene amayendetsa ngati ntchito.

Apa ndi pamene msonkhano umapatuka, chifukwa sipalephera kukhala wina wa mawu amphamvu, kawirikawiri wapampando wa siteji ya kabaza, amene amaimirira n'kunena kuti vuto si mowa koma kuti kachipangizoko kangasanduke njira yopemphera ya fanta, ndipo munthu wamba alibe podziwira ngati nambala imene akuuzidwa ndi yoona. Anthu amavomereza mong'ung'udza, ndipo mlangizi amasiya zimene anakonza n'kuyankha zimenezi mpaka nthawi itatha. Dandauloli ndi lomveka ndipo siliyenera kupeputsidwa, koma mankhwala ake si kukana. Woyendetsa angapemphe mwaulemu kuti aone kuti kapaipi kopumiramo ndi katsopano, aone yekha nambala imene yatuluka, ndipo ngati wangomwa kumene mankhwala a chifuwa okhala ndi mowa anene, popeza mowa wotsalira m'kamwa umafuna mphindi 15 kapena 20 kuti uchoke munthu asanayezedwe. Ndalama iliyonse yoperekedwa ngati chindapusa iyenera kukhala ndi lisiti la boma, ndipo wopereka chiphuphu amapalamula mlandu chimodzimodzi ndi wolandira, malinga ndi lamulo la 1995 limene linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Wogwidwa amakhalabe ndi ufulu umene gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limapereka: kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene amamva, kaya Chichewa kaya Chiyao, kukhala chete osakakamizidwa kuvomera mlandu, ndi kufikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito pambuyo pake. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo achibale asagulitse mbuzi kapena ukonde pofuna kuigula. Amene akuona kuti nambala ya kachipangizo inali yolakwika, kapena kuti anazunzidwa pomugwira, akanene zimenezo pamaso pa majisitireti, ndipo ngati alibe ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.